Pulasitiki wophika tokha: kantchito ka ana athu, ife a maulendo

 Lero sindinabwere ndi mitengo ya katundu kapena nkhani ya randi. Ndikufuna tikambe za masiku atatu kapena anayi aja amene timakhala kunyumba pakati pa ulendo ndi ulendo, ndi kanthu kena kamene ine ndi ana anga timapanga m'masiku amenewo.

Ntchito yathuyi mukuidziwa. Kuchoka ku Blantyre kudzera pa Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Johannesburg, masiku awiri apita ngati pa boda sipanavute. Kuwonjezera masiku ooda ndi obwerera, sabata yatha. Ukafika umayamba kugawa katundu kwa makasitomala, kutolera ngongole, kusaka ndalama za ulendo wina. Ana amatithamangira tikamatsika, koma maso amakhala pachikwama, ndipo palibe wowadzudzula chifukwa m'chikwamamo ndi mmene muli nkhani. Nsapato ikayesedwa, bisiketi ikadyedwa, mwana amabwerera kwa agogo ake kapena kwa mtsikana wantchito, amene amamudziwa bwino kuposa ife. Ndimafuna kanthu kamene sikabwera m'chikwama, koti tizichita limodzi, kosalira ndalama zambiri, ndipo kopitirira ngakhale ine nditachoka. Kanthu kake ndi aka.

Azungu amati suncatcher. Ana anga amangoti timagwiradzuwa. Ndi kachimbale koonekera ngati galasi, kamtundu wofiira, wachikasu kapena wina uliwonse, kokhala ndi maluwa ouma mkati. Mumakakoloweka pazenera, dzuwa likawomba kuwala kwake kumagwa pakhoma ndi pansi. Tam'sitolo timakhala tagalasi kapena tapulasitiki wa kufakitale, wochokera ku mafuta a pansi pa nthaka. Tathu timapangidwa ndi zinthu za m'khitchini, ndipo tikatha ntchito timaola ngati tsamba. Pulasitiki wotereyu ndi amene amatchedwa bioplastic.

Musaope dzinalo. Aliyense amene anaphikapo mang'ina, amene anzathu a ku Zimbabwe amati mazondo, anamuonapo kale. Msuzi wa mang'ina ukagona, m'mawa umakhala utagwirana, ukunjenjemera mumphika. Chimene chimaugwiranitsa chimachokera m'zikopa, m'mitsempha ndi m'mafupa a nyama akawira nthawi yaitali. Mafakitale amachiyeretsa, n'kuchiumitsa, n'kuchigaya kukhala ufa, ndipo ufawo ndi gelatine amene amagulitsidwa m'timapaketi pashelefu ya zophikira makeke. Ukamusungunula m'madzi otentha n'kumusiya kuti madzi onse aume, chotsala ndi kachipepala kolimba koonekera.

Zofunika zake ndi izi. Gelatine wopanda shuga ndi wopanda fungo, osati jelly wa ana uja, chifukwa shuga wake amaitana nyerere ndipo sauma bwino. Glycerine, yemwe ambiri a ife timaoda kale m'makatoni kuti anthu azidzola. Tengani woyera weniweni, wosasakaniza ndi mafuta onunkhira. Madzi, utoto wa zakudya, zivundikiro za pulasitiki za zigoba za majarini, ulusi wa thonje kapena khonje, basi. Zivundikiro zikhale za pulasitiki wofewa woti mukhoza kupinda. Pagalasi gelatine amamatirira kwambiri, papepala sachoka n'komwe.

Kwa anzathu achisilamu ndi ena onse osadya nkhumba: gelatine wina amachokera ku zikopa za nkhumba, wina ku ng'ombe. Werengani paketi musanagule. Ku South Africa mapaketi ambiri a zakudya amakhala ndi chidindo cha halaal, ndiye sizivuta kusankha. Ngati mtima sukukhazikikabe, pali njira ya chinangwa imene ndifotokoze kutsogoloku.

Muyeso umene ine ndimagwiritsa ntchito ndi uwu: supuni yaikulu imodzi ya gelatine, yomwe ndi magalamu pafupifupi 10, masupuni aakulu anayi a madzi, omwe ndi mamililita 60, ndi theka la supuni ya tiyi ya glycerine. Zimenezi zimakwana zivundikiro ziwiri kapena zitatu zazing'ono. Ngati ana ndi ambiri, wirikizani zonse mofanana.

Yambani ndi kuwaza gelatine pamwamba pa madzi ozizira mukapoto, n'kumusiya mphindi zisanu kuti amwe madzi afufume. Mukamuthira m'madzi otentha nthawi imodzi amachita mibulu ngati phala la wophunzira kumene. Akafufuma, ikani kapoto pamoto wochepa. Pambaula, makala akhale oti akupita kozima. Takasani pang'onopang'ono mpaka timibulu tonse titasowa, koma asawire. Akawira amachita thovu lambiri ndipo mphamvu yake yogwirana imachepa. Thirani glycerine, takasaninso, phulani. Thovu loyera limene layandama pamwamba liwauleni ndi supuni, chifukwa likauma limaoneka ngati ng'ala. Kenaka dontheza limodzi kapena awiri a utoto. Musachulutse, utoto ukachuluka dzuwa silidutsa.

Thirani m'zivundikiro zimene mwaziyala kale pamalo osapendekeka. Kuchindikala kwake kukhale ngati ndalama yachitsulo imodzi kapena ziwiri zosanjikiza. Kupyapyala kwambiri kumang'ambika pochotsa, kuchindikala kwambiri kumachedwa kuuma mpaka kuchita chuku. Zikadali zamadzimadzi, ana aike maluwa awo, n'kumawakankhira pansi ndi kamtengo ka machesi kuti amire. Apa fulumirani pang'ono, pakuti kukakhala kozizira zimayamba kugwirana pa mphindi zochepa.

Ntchito ya glycerine ndi yofunika kuimvetsa, chifukwa ndi pamene pagona kusiyana kwa chabwino ndi choipa. Glycerine amasunga kachinyezi, n'chifukwa chake timadzola nthawi yozizira khungu likamauma. M'pulasitiki wathuyu amachitanso zomwezo. Popanda iye kachimbale kamauma gwa, kamapindika m'mbali ndipo kamathyoka ngati chipisi. Akachuluka kamakhala konata, fumbi lonse la m'nyumba n'kumamatirira. Ine ndinawapatsa ana zivundikiro zitatu: china chopanda glycerine, china theka la supuni, china supuni yodzaza. Wamkulu analemba tsiku ndi muyeso pakapepala n'kumata pambali pa chilichonse. Pakutha pa sabata anadzionera okha, ndipo kuyambira pamenepo woyeza ndi iyeyo. Mwana amene amati masamu amamuvuta anayamba kuwerengera yekha kuti zivundikiro 9 zifuna masupuni angati.

Za maluwa, lamulo ndi limodzi: akhale ouma ndi ophwathalala. Duwa lothyola lero lili ndi madzi, ndipo limaolera mkati. Ine timathyola tsiku loti mawa ndikunyamuka, n'kuwaika pakati pa masamba a kope lakale la ngongole, pamwamba n'kusanjikapo mwala kapena simbi. Ndikamabwerera sabata ikatha amakhala atauma. Bougainvillea wa m'mipanda ndiye mfumu, chifukwa ndi wopyapyala ngati pepala ndipo mtundu wake suchoka msanga. Timasamba ta chammwamba timaoneka bwino kwambiri dzuwa likadutsa, mitsempha yake yonse poyera. Timaluwa ta chisoso, ngala za udzu, ndi masamba a duwa la deliya mutawathothola limodzilimodzi, zonsezi zimachita. Maluwa onenepa asiyeni.

Ndi bwino kuthyola maluwa komwe muli. Ndikudziwa mtima umakopeka ukaona jacaranda atachita maluwa ku Harare kapena ku Pretoria mwezi wa Okutobala, koma zomera ndi mbewu pa boda zili ndi malamulo ake, zimafuna chiphaso cha a zaulimi. Palibe chifukwa choti basi yonse ichedwe chifukwa cha kathumba ka masamba.

Utoto simukuyenera kugula. Chidede chouma mukachiviika m'madzi otentha chimatulutsa kufiira kokongola, ndipo madzi amenewo, atazizira ndi kusefedwa, ndi amene mumafufumitsira gelatine. Tiyi wa masamba wothithikana amapereka mtundu wa uchi. Ufa wa turmeric pang'ono pansonga ya supuni umapereka chikasu, koma musefe pakansalu. Dziwani kuti mitundu yachilengedwe imafwifwa msanga padzuwa, makamaka chikasucho. Utoto wa m'botolo umakhalitsa pang'ono. Chimene sindilola m'nyumba mwanga ndi glitter, tonyezimira tija. N'tapulasitiki weniweni wodulidwa tizidutswa, ndipo tikalowa m'nthaka palibe angatitole.

Tsopano njira ya chinangwa, imene anthu a kunyanja, ku Nkhata Bay ndi ku Nkhotakota, saivutikira. Chofunika si ufa wa kondowole koma sitachi yake. Sendani chinangwa chachiwisi, tsukani, chipaleni pagireta kapena pachitini chobowola ndi msomali. Thiranimo madzi, finyani pachitenje choyera. Madzi oyera ngati mkaka amene atuluka asiyeni maola angapo. Pansi padzakhala phala loyera lolimba, imeneyo ndiye sitachi. Khuthulani madzi apamwamba, thirani ena oyera, dikiraninso, kenaka yanikani padzuwa. Madzi okhuthulawo atayeni kutali ndi ana, nkhuku ndi mbuzi, makamaka ngati chinangwa n'chowawa, chifukwa ndi mmene mumathera poizoni wake.

Muyeso wake: supuni yaikulu imodzi ya sitachi, masupuni aakulu anayi a madzi, supuni ya tiyi imodzi ya glycerine ndi supuni ya tiyi imodzi ya viniga woyera. Sakanizani zonse zili zozizira, ikani pamoto wochepa, takasani osalekeza. Poyamba zimaoneka ngati mkaka, kenaka mwadzidzidzi zimalimba n'kuyamba kuonekera ngati guluu. Pamenepo phulani, pakani m'chivundikiro mopyapyala ndi kumbuyo kwa supuni, n'kudinamo maluwa. Amene alibe chinangwa akhoza kugula cornflour, koma kachimbale kake kamatuluka kachifunga. Ngakhale ka chinangwa sikawala ngati ka gelatine, ndipo kamanyala kwambiri pouma. Kuwala kwake n'kofewa, ngati dzuwa la m'mawa wa Juni.

Kuumitsa ndiye ntchito yeniyeni, ndipo sikufuna manja, kumafuna mtima. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ikani zivundikiro m'nyumba pamalo odutsa mphepo, osati padzuwa, chifukwa padzuwa gelatine wosauma amasungunukanso ndipo wa chinangwa amang'aluka. Phimbani ndi sefa kapena lichero lozondotsa kuti ntchentche ndi mphemvu zisafike. Ngati kuli nyerere, ikani thireyi pamwamba pa zitini zoimika m'mbale za madzi. Makoswe amakonda gelatine, ndiye usiku zikhale pamwamba. Tsiku lachiwiri, zikakhala ngati mphira, bowolani kabowo ka ulusi pafupi ndi m'mphepete ndi msomali kapena kapaipi komwera zakumwa. Mukadikira kuti ziume kaye, pobowola zimang'ambika. Pakati pa masiku atatu ndi asanu m'mbali mumayamba kudzuka mokha. Pindani chivundikiro, kachimbale katuluka. Kakapindika, kagonekeni pansi pa buku lolemera usiku umodzi kapena iwiri.

Nyengo nayo ili ndi mbali yake. Kuyambira Meyi mpaka Okutobala mpweya umakhala wouma, zimayenda bwino, kupatula masiku a chiperoni kwa inu a ku Thyolo, Mulanje ndi Blantyre. Anzathu okhala ku Gauteng ndi ana awo, nyengo yozizira ya kumeneko ndi youma kwambiri, ndiye nthawi yake ndi imeneyo. Abambo amene mumabwera kumudzi pa Khirisimasi pokha, mumafika mvula ili pakati. Thirani mopyapyala, ikani pamene mphepo ikudutsa, muziyang'ana tsiku lililonse. Mukaona timadontho takuda kapena tobiriwira, chimenecho ndi chuku, tayani kudzala muyambe china.

Masiku odikirawa ndi amene anandichititsa kulemba zonsezi. Mukudziwa mmene foni ya pamsewu imakhalira. "Muli bwanji? Mwadya? Kusukulu kunali bwanji?" Mwana amayankha kuti bwino, bwino, bwino, n'kupereka foni kwa wina. Si kuti sakukufuna, koma palibe chimene mukugawana. Ine tsopano nthawi zina ndimachita dala kuthira zivundikiro usiku woti mawa ndikunyamuka. Ndikamafika ku Tete, wamng'ono amakhala ali ndi lipoti: zagwirana, tabowola, china chapindika. Ndili ku Musina chithunzi chimabwera pa WhatsApp, kadzanja katanyamula kachimbale kofiira kuloza kudzuwa. Amandifunsa kuti nanga ichi chachita mizere chifukwa chiyani, ine ndimayankha, timakangana pang'ono, timagwirizana zoti tidzayese ulendo wina. Ntchito tinaiyamba limodzi, iwo akuisamalira, ine ndidzaipeza. Mwana akakhala ndi chimene wasungira kholo lake, amadikira mosiyana ndi mwana amene akungodikira chikwama.

Pogawana ntchito, zamoto ndi zanu akuluakulu. Madzi a gelatine otentha amamatirira pakhungu, amapsereza kuposa madzi wamba. Wamkulu ayeze ndi kulemba, wapakati adonthetse utoto, wamng'ono asankhe maluwa ndi kuwayala. Musamukonzere. Akaunjika maluwa onse mbali imodzi, kameneko n'kake. Auzeninso kuti ngakhale zachokera m'khitchini, si zodya. Abambo, musanene kuti izi n'za amayi. Kuyeza, kubowola, kumanga timitengo ta nsungwi topachikapo zimbale zitatu kapena zinayi, ana amakumbukira amene anakhala nawo pamkeka.

Ndikudziwa kuti pagulu la anthu a geni funso likubwera: kodi zimagulitsika? Yankho langa ndi lakuti musaikepo mpamba wanu. Kachimbale aka kakanyowa kamafewa, kakakhala m'madzi kamasungunuka. M'ngolo ya basi, pansi pa lona, kutentha kwa ku Tete kapena kwa Beitbridge kumatimatanitsa. M'dzinja timachita chuku m'katoni. Muli maluwa ouma, ndiye nkhani ya pa boda ija yabweranso. Ndipo mukawerengera masiku asanu odikira, simungapikisane ndi zokongoletsa za kufakitale zimene timaoda m'mashopu a ma China. Patsiku la makolo kusukulu kapena pamsika wa kumpingo, ana akhoza kugulitsako pang'ono n'kuphunzira kusunga ndalama, zimenezo n'zabwino. Koma ife amene chilichonse timachiona ndi diso la phindu, tisiyeko chimodzi chikhale cha pakhomo.

Pali phunziro lina limene limabwera lokha. Ife ndi amene timalowetsa mapulasitiki ambiri m'makomo: majumbo, okulungira mabelo, tepi, timapepala ta malaya limodzilimodzi. Malamulo akhala akusintha tikuona. Rwanda inaletsa majumbo mu 2008, Kenya mu 2017. Amene mumadutsa pa Songwe mukukumbukira kuti kuyambira pa 1 Juni 2019 Tanzania inaletsa majumbo, ngakhale a m'chikwama cha mlendo. Ku Malawi boma linaletsa mapulasitiki opyapyala osafika ma micron 60 mu 2015, makampani anapita kukhoti, ndipo mu 2019 khoti lalikulu la apilo linagamula kuti chiletsocho chikhale. Komabe yang'anani mumtsinje wa Mudi kapena pansi pa mlatho wa Lilongwe mvula yoyamba ikagwa. Funsani opha mbuzi zimene amapeza m'mimba mwake.

Mwana simungamuphunzitse zimenezi ndi ma micron. Chitani chonchi: kachimbale kena kakathyoka, kumbani timaenje tiwiri m'dimba. M'kena ikani chidutswa chake, m'kena chidutswa cha jumbo. Kwirirani, zikani timitengo, muzithirira ngati mbewu. Pakatha mwezi ana afukule okha. Cha gelatine adzachisaka mpaka kutopa, mwina apeza kachidutswa kofumbwa. Jumbo adzaipeza ili momwemo, yongoda ndi dothi. Simufunikanso kulalikira.

Ndinenenso kwa inu amene mumaoda matumba olembedwa kuti biodegradable kapena compostable kuti mukagulitse m'misika: si onse amene amaola m'dzala la kunyumba ngati pulasitiki wathu wophikayu. Ena amafuna kutentha kwa malo apadera opangira manyowa kuti aole, ena amangophwanyika tizidutswa osaola. Musanatenge katoni, tengani limodzi, likwirireni monga ndanenera, muone nokha. Ndipo tisadzinamize kuti timagwiradzuwa tithetsa majumbo. Chimene chimachepetsa majumbo ndi dengu, chitenje ndi thumba logwiritsa ntchito kambirimbiri. Kachimbale aka ntchito yake n'kutsegula maso a mwana, kuti adziwe kuti chinthu chilichonse chimachokera kwinakwake ndipo chimathera kwinakwake.

Pokoloweka, sankhani zenera loyang'ana kum'mawa, mkati mwa nyumba, pamene mvula siwomba ndiponso kutali ndi nthunzi ya kukhitchini. Osapukuta ndi nsalu yonyowa, kungokuntha fumbi ndi youma. Tikasamalidwa timatha miyezi ingapo, tina kupitirira chaka. Tikafwifwa kapena kuthyoka, chotsani ulusi, ponyani pa manyowa, tsukani zivundikiro, thyolani maluwa a nyengo imene yafika.

Ulendo ukubwerawu, pamndandanda wa zooda wonjezeranipo timapaketi tiwiri ta gelatine, ndipo m'katoni ya glycerine mupatuleko kabotolo kamodzi kosagulitsa. Maluwa muwaike m'kope musananyamuke. Amene muyese, tionetseni zithunzi, ndipo amene mukudziwa masamba kapena makungwa ena otulutsa utoto kwanuko, ku Chipata, ku Angónia, ku Mbare, tiuzeni tiyesenso ife. Muyende bwino, katundu afike wathunthu, ndipo ana mukawapatse moni.